Zigoli Zitatu za Wilbroad

Mudzi wa Chimtengo, Katete
9 Ogasiti 1981

Achimwene a Abson,

Moni kwa inu ndi alamu anga kumeneko ku Kabwata. Kuno tili bwino, chimfine chokha ndicho chazungulira ana. Phukusi lafika, sopo awiri ndi mchere. Mulungu akuonjezereni. Mafuta ophikira mukawaona musatiiwale.

Koma chimene ndalembera si sopo. Nyuzipepala imene munakulungira sopoyo ndinapatsa Aphunzitsi a Njobvu kuti azipichirira fodya. Asanang'ambe anayamba awerenga, ndipo anabwerera pakhomo panga akupuma mwa befu. Akuti palembedwa kuti Wilbroad Daka wa pakoleji ku Lusaka, nambala 9 wa timu ya Njuchi, wamwetsa zigoli zitatu tsiku limodzi. Amayi a kumpingo ayamba kale kundipatsa moni ndi manja awiri.

Achimwene, Wilbroad wake uti? Mwendo wake wamanzere mukuudziwa. Munalipo pamene ngolo ya a Sakala inamuponda, ndipo munamva adokotala a ku mishoni akunena kuti akadzaugweranso sudzalumikizika. Mwana wotsimphina athamanga bwanji pakati pa amuna ovala nsapato za misomali? Ndinamupereka m'manja mwanu kuti aphunzire. Kwatsala miyezi inayi alembe mayeso otsiriza. Ndiuzeni zoona, poti inu ndi amene mumadzitama kuti simubisa mawu.

Ine mlongo wanu,
Regina

*

Kabwata, Lusaka
30 Ogasiti 1981

Amake Wilbroad,

Moni. Tili moyo. Kalata yanu yayenda pafupifupi masabata atatu, akuti mabasi alibe matayala. Mafuta kulibe. Alamu anu anaima pamzera m'tauni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, nafika pakhomo la sitolo atatha.

Za mwendo lekani kudzidwalitsa. Ndikunena ine malume wake: mwendo wa Wilbroad palibe amene waugunda, ndipo palibe adzaugunde. Zotsala tidzakamba pamaso. Si zonse zoika m'envulopu masiku ano. A Njobvu muwauze kuti pepala la fodya ndi la fodya.

Koma Njuchi, mlongo wanga, mukanaziona. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 3, Chizungu ndinachita kutola m'manyuzipepala otayidwa, koma Loweruka ndimalowa pachipata cha koleji ngati mwini wake. Majezi achikasu amene amavala ndinasoka ndine, pakhonde la sitolo ku Kamwala pamene ndimasokera, nambala iliyonse ndi dzanja langali. Theka la Kabwata limapita: ogulitsa tinsomba ta kapenta ku City Market, owotcherera zitsulo, amayi ndi ana kumbuyo. Ba Lemmy, mkulu wa masapota, amenenso ndi tcheyamani wa chipani m'dera lathu, amatsogola ndi ng'oma. Sopo kulibe, mafuta kulibe, kudandaula nkoletsedwa. Pabwalo pokhapo ndi pamene munthu amakuwa mpaka mawu kutha popanda womufunsa khadi la chipani. Tatsala ndi masewera awiri titenge chikho cha makoleji.

Mvula ikayandikira mundiuze ngati mbewu ya mtedza yakwanira.

Abson Miti

*

Kabwata, Lusaka
4 Okutobala 1981

Amake Wilbroad,

Moni. Simunayankhe, kaya mwakwiya kaya ndi matayala omwe aja. Tsopano tcherani khutu, chifukwa zimene ndinati tidzakamba pamaso zandipitirira.

Wilbroad sanapondepo mpira. Nambala 9 ndi mwamuna wina dzina lake Kapembwa, wonyamula matumba ku City Market, amene m'kalasi ya koleji sanalowemo ngakhale pobisala mvula. Lamulo la chikho limati wosewera akhale wophunzira. Ndiye Ba Norbert Mpundu, mphunzitsi wa pakoleji amene amayang'anira timu, anatenga chitupa cha Wilbroad namata chithunzi cha Kapembwa pamwamba pa nkhope ya mwana wanu. Anasankha iyeyo podziwa kuti wotsimphina sadzabwera kudzapempha malo m'timu. Mwanayo akanakana bwanji, pomwe mayeso ake amachonga ndi Ba Mpundu omwewo?

Ine ndinadziwira pa tepi. Pepala la miyeso limene ananditumizira linati Wilbroad Daka, chifuwa mainchesi 42. Mwana amene ndamusokera malaya kuyambira ali wakhanda, chifuwa chake ndi 34. Mwezi wa Juni ndinapita pabwalo ndi kuwalalatira Ba Mpundu pamaso pa anthu. Mawu ake sindilemba, ndinu a mpingo. Iwo anangoseka, nati, "Ba telala, imwe sokani chabe." Ndipo ndinasoka. Loweruka lotsatira Kapembwa anamwetsa ziwiri, ine ndinavina pamodzi ndi anzanga. Ndalemba izi kuti mudziwe kuti mlongo wanu si woyera.

Tsono munthu wina walembera mkulu wa koleji kalata yopanda dzina, ya m'Chizungu, yoponyedwa muno mu Lusaka. Yunivesite imene imayang'anira kolejiyi yatumiza komiti ya anthu atatu kudzafufuza, ndipo Njuchi zaimitsidwa kufikira nkhani itatha.

Kabwata yapenga. Palibe amene akufunsa ngati ndi zoona. Onse amamuona Kapembwa tsiku ndi tsiku atasenza anyezi. Funso lawo ndi limodzi: analemba ndani? Ena akuti ndi koleji ya ku migodi imene tikanakumana nayo. Ba Helen ogulitsa kapenta akuti, "Bafufuze kwamene sopo inayenda, basiye bola yatu." Bola ndiye mpira m'kalankhulidwe ka kuno. Mdala wina wa ku Chelstone, amene amabwera pa njinga masewera aliwonse, akuti ana a sukulu okhaokha sangamwetse ngakhale golo litasiyidwa lopanda munthu. Sakunama. Masapota apita kale kawiri pachipata cha koleji ndi ng'oma kukaimbira Ba Mpundu nyimbo ngati munthu wobwera kunkhondo.

Koma ambiri akukumbukira za Juni. Lachiwiri Ba Lemmy anaima pakhonde langa.

"Shani, ba Abson. Timvela ati muziba kulemba Chizungu."

Ndinati ndimadziwa, ndipo ndikalemba ndimasaina, sindine mphemvu yobisala m'ming'alu.

Anati, "Ni vamene tikamba. Kamwa yanu tiiziba."

Ndinawauza kuti achotse mthunzi wawo pa makina anga. Kuyambira tsikulo, ofika pakhonde ndi odzatenga nsalu zawo zosasoka.

Zanga zilibe kanthu. Choopsa ndi ichi: Ba Mpundu auza komiti kuti anyamata anapangana okha, kuti Wilbroad anabwereketsa chitupa mwa kufuna kwake, ndipo banja linkadziwa, umboni wake malume wake ndiye anasoka jezi. Ba Mpunduwo ali ndi nyumba ku Kabulonga kwa olemera, ndi abale m'maofesi. Komiti ikawakhulupirira, Wilbroad achotsedwa sukulu asanalembe mayeso. Ndikalankhula ndimira naye, ndikakhala chete amira yekha.

Wolemba kalatayo ndikadzamugwira ndidzamusoka pakamwa ndi ulusi wa matumba. Pempherani, inu amene mumatha.

Abson

*

Pakoleji, Lusaka
18 Okutobala 1981

Amama okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ang'ono anga. Ine thupi lili bwino. Amalume akuti anakulemberani zonse, choncho sindibwereza. Mundikhululukire kuti dzina limene munandipatsa ndinalola livalidwe ndi munthu wina.

Ndaonekera kawiri pamaso pa komiti. Ndinanena kuti chitupa chinachita kutengedwa. Anandifunsa mboni, ndilibe. Mlembi wa komitiyo, mayi wachifundo, anandiuza panja kuti kalata ija sangandionetse, koma mawu ake akumveka ngati a munthu wa m'banja. Akuti kalata yopanda mwini si umboni. Mwini wake akaonekera yekha pofika pa 6 Novembala, ndipo akakhaladi wachibale, zidzaonetsa kuti banja silinavomere, ndiye ine ndine wolakwiridwa. Akapanda kuonekera atseka nkhani ndi mawu a Ba Mpundu.

Wachibale ndani, Amama? Inu Chizungu simulemba, ndipo kalatayo inachokera muno. Ndinapita ku Kabwata kukawapempha amalume kuti avomere ngati ndi iwo. Anandipirikitsa ndi sizasi m'manja mpaka pamsewu.

Kogona kuno anzanga anditcha Zigoli Zitatu. Ndimakadya onse atatuluka. Dzulo ndinapeza mpira wophulika pabedi langa. Ndikuwerengabe, ngakhale sindidziwa ngati ndikuwerengera mayeso kapena basi yobwerera kumudzi.

Mwana wanu,
Wilbroad

*

Mudzi wa Chimtengo, Katete
21 Okutobala 1981

Achimwene,

Moni. Kalata yanu ya pa 4 yafika dzulo. Kwa Wilbroad sindinamve kanthu chiyambire mwezi wa Julayi.

Ulusi wa matumba uja konzani. Pakamwa pake ndi panga.

Ndinakufunsani funso lolunjika, inu munandiyankha ngati wandale. Munati mwendo palibe waugunda, kenaka munadzaza pepala ndi kutamanda mpira. Ine ndinamva kuti mwana akusewera ndithu, ndipo malume wake wakondwa nazo. Ndinagona masiku atatu osapeza mtendere. Kenaka ndinapita kwa a Njobvu kuti andilembere kwa mkulu wa sukulu.

Anang'amba pepala la pakati m'kope la ana a sukulu. Ine ndinkanena, iwo nkumatembenuza. Ndinati: Bambo, mwana Wilbroad Daka anapondedwa ndi ngolo ya ng'ombe ya a Sakala m'chaka cha 1968. Mwendo wamanzere ndi waufupi ndi zala ziwiri, nsapato yake timaikhomera chidutswa cha tayala. Chonde mchotseni mu mpira, mpatseni mabuku. Pomaliza ndinati, mwana ameneyu ndiye nkhokwe yathu, ina tilibe. Dzina langa a Njobvu anakana kulemba. Akuti masiku ano dzina papepala ndi chingwe m'khosi. Analemba kuti kholo lodandaula. Anaiponya okha ku Lusaka popita kumaliro ku Emmasdale.

Ndawauza zimene zachitika. Akuti ndikawatchula adzakana pamaso pa Mulungu, ali ndi ana asanu ndi ntchito ya boma.

Ine ndinkafuna kuteteza mwendo, Achimwene. Za chikho ndi makomiti sindinkazidziwa. Tikangobzala, kumapeto kwa Novembala, ndibwera ndidzagwade kwa akuluakuluwo. Auzeni adikire pang'ono. Pakali pano musauze munthu, ngakhale mwanayo.

Regina

*

Kabwata, Lusaka
8 Novembala 1981

Amake Wilbroad,

Moni. Kalata yanu inafika Lachitatu pa 4. Tsiku lomaliza la komiti linali Lachisanu pa 6. Inu mukuti adikire mubzale. Ndinawerenga kawiri, ndinamenya chidebe chamadzi ndi mwendo, chala chikadali chotupa. Kenaka ndinakumbukira amene anakulunga sopo m'tsamba la mpira, ndi amene anayankha ngati wandale. Ndinakhala pansi.

Lachisanu ndinavala suti yanga ya ukwati, ndinaika tepi m'thumba. Pachipata panali anthu oposa zana ndi ng'oma yawo. Anandipatukira ngati ndanyamula maliro. Ba Lemmy anati, "Ba Abson, mwavala bwino. Muyenda kulapa?" Sindinawayankhe. Lembani tsikulo penapake.

M'chipinda munali amuna awiri ndi mayi mmodzi kuseri kwa tebulo, Ba Mpundu mbali iyi, Wilbroad mbali iyo ngati nkhuku yonyowa. Ndinati, "Ndine Abson Miti, telala, malume wa mwanayu. Kalata ija ndi yanga."

Wapampando anavula magalasi. Anati nanga bwanji mwakhala mukukana mwezi wonse? Ndinati mantha. Mawu amenewo sanatulukepo m'kamwa mwanga chibadwire, ndipo anandiwawa kuposa bodza lenilenilo.

Anati, ngati ndi yanu tiuzeni zili m'menemo. Ndinayamba ndi pepala la pakati la m'kope. Ndinatchula ngolo ya a Sakala, 1968, zala ziwiri, chidutswa cha tayala, kholo lodandaula. Pamene ndinafika pa nkhokwe, mayi uja anayang'ana pepala limene linali m'manja mwake nagwedeza mutu. Wilbroad anandiyang'ana nthawi yaitali. Amadziwa kuti mawu a nkhokwe ndi anu, koma ndi mwana wanzeru, anatseka pakamwa. Anandifunsa za dzanja lolemba. Ndinati ndinalembetsa kwa munthu wa dzanja labwino, dzina lake sindipereka ngakhale mundimange. Muwauze a Njobvu agone.

Ba Mpundu anaimirira, nati munthu uyu ndi amene anasoka jezi, ankadziwa zonse. Ndinati inde ndinasoka, ndipo manyazi ake ndi amene anandilembetsa kalata. Ndinatulutsa pepala la miyeso lija, lolembedwa ndi dzanja lawo lomwe: Wilbroad Daka, 42. Pepalali ndinkaopa kulionetsa kale, chifukwa popanda kalata likanangotsimikiza kuti ine ndi iwo tinali amodzi. Ndinamuimiritsa mwanayo ndi kumuzunguliza tepi pamaso pawo. Ndinapempha wapampando awerenge yekha. Anati 34. Ndinati, bwana, mainchesi asanu ndi atatu amenewo afunseni aphunzitsi kumene anawatenga.

Potuluka nkhani inali itafika kale pachipata, kaya inadzera pawindo. Ng'oma inaleka. Ba Helen, amene ndinawasokera diresi la ukwati wa mwana wawo, analavula pansi patsogolo panga. Mdala wa ku Chelstone uja anangotembenuza njinga. Ba Lemmy anati, "Tinakamba," ndipo anaoneka okondwa kuposa tsiku la zigoli zitatu.

Masabata asanu ndinanena zoona, palibe anandikhulupirira. Ndanama kamodzi, Kabwata yonse yavomera.

Chigamulo akuti chituluka sabata yamawa.

Abson

*

Mudzi wa Chimtengo, Katete
25 Novembala 1981

Achimwene,

Moni. Kalata yanu ndi ya Wilbroad zafika tsiku limodzi, yakeyo itayenda mwezi wathunthu. Ndalira mpaka ana aitana anansi. Mtedza tabzala. Ndikubwera. Mundiperekeze kwa Ba Lemmy amenewo ndi kwa mayi wolavulayo, ndikawauze ndi pakamwa panga kuti wolemba ndine. Simungasenze mtolo wanga pamaso pa anthu amene mumakhala nawo. Ndiuzeni basi imaima pati.

Regina

*

Kabwata, Lusaka
13 Disembala 1981

Amake Wilbroad,

Moni. Musabwere. Ndabwereza: musabwere. Mukatsegula pakamwa, komiti idzati malume ananama, ndipo munthu wonama pa kalata angathenso kunama pa tepi. Adzatsegulanso nkhani. Bodzali ndalilipira kale, musalitaye.

Chigamulo ndi ichi. Wilbroad walemba mapepala atatu, atsala awiri, ndipo wochonga ndi mphunzitsi wina. Ba Mpundu awachotsa ku timu basi, akuphunzitsabe, galimoto lawo likuyendabe. Njuchi zachotsedwa m'chikho ndipo sizisewera zaka ziwiri.

Pakhonde la ku Kamwala ndachoka. Mwini sitolo anandiuza mwaulemu kuti Ba Lemmy anamufunsa za laisensi yake kawiri sabata imodzi. Makina ali kuchipinda tsopano, pakati pa bedi ndi khoma. Alamu anu amatenga nsalu kwa anthu a ku Woodlands amene sadziwa kuti Njuchi nchiyani, amabwera nazo pansi pa ndiwo m'basiketi. Pamsewu wathu sandimenya. Amangoleka kulankhula ndikamadutsa, ndipo ana andiphunzira dzina latsopano limene sindilemba. Mudzati bwerani kumudzi. Sindingathe. Pamapepala a koleji woyang'anira mwanayu ndine, ndipo andiuza ndisachoke mu Lusaka kufikira zotsatira zitatuluka mu Malichi. Komanso ndikachoka, mkwiyo wonsewu udzafuna pena pogwera, ndipo watsala ndi iye.

Loweruka ndi limene limavuta. Ikakwana nthawi imene tinkanyamuka, miyendo imafuna nsapato yokha. Ndimapalasa makina ngakhale palibe chosoka, kuti ndisamve kuti ng'oma siikulira.

Munthu mmodzi yekha wa mpira wafika pakhomo pano. Kapembwa. Anabwera masana, anthu onse akuona, ndi buluku long'ambika pabondo. Ndinaganiza wabwera kudzandiswa. Anakhala pabedi ine ndikusoka, nati, "Ba telala, nagolesa zigoli khumi na chimozi, zina yanga siinaonekepo mu pepala. Manje yaoneka. Ati wakuba." Anaseka, ine ndinalephera. Ndinamuuza kuti wosewera ngati iye sindinamuonepo, ndipo chimenecho chokha ndi choona chimene ndanena chaka chino popanda kuvulaza munthu. Pochoka anatulutsa jezi ija m'kapepala, nati, "Sungani. Ni imwe munasoka."

Mafuta kulibebe. Sopo ndapeza mmodzi, akubwera ndi basi ya Lachinayi. Ndamukulunga m'nsalu yachikasu, yolimba, ikhoza kukhala malaya a mwana wamng'ono. Nambala yake ndachotsa ulusi umodziumodzi. Imeneyo a Njobvu sangaiwerenge.

Mlongo wanu,
Abson